Mathanki a mpweya obooka pa galimoto ya nyumba: lipoti la ntchito ya ku Mchinji

Galimoto yomwe lipotili likunena ndi thiraki ya Mercedes-Benz yoyendera mawilo onse anayi, ya m'zaka za m'ma 1990, yomwe kumbuyo kwake adamangako nyumba yokhala ndi mabedi, khitchini, bafa ndi thanki ya madzi. Mwini wake ndi bambo wa ku Lilongwe amene adaigula kwa mlendo wina yemwe ulendo wake udathera kuno. Amanyamulira alendo okaona nyama ku South Luangwa kudzera pa chipata cha Mwami, Chipata mpaka ku Mfuwe, nthawi zina ku Kasungu National Park. Ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe. Kuyambira Disembala mpaka Epulo galimotoyi imangokhala pa kapinga kuseri kwa nyumba. Idalowa m'galaja yathu pa boma pa Mchinji kumayambiriro kwa Meyi, pa ulendo wake woyamba chithereni mvula, alendo ali momwemo.

Adalaivala ndi bambo wachikulire amene wayendetsa malole a fodya zaka zambiri, ndipo adafotokoza vutolo mwadongosolo kuposa momwe amakaniko ena amafotokozera. M'mawa muvi umodzi wa geji ya mpweya unkapezeka uli pansi penipeni, wina uli cha pakati. Injini ikalira, belu lochenjeza linkatenga nthawi lisanasiye. Pa msewu galimoto inkangoyetsemula pafupipafupi, kusonyeza kuti kompuresa ikadzaza mathanki, posakhalitsa ikuyambanso kupopa.

"Amisiri, pa Kamwendo ndaponda buleki katatu motsatizana chifukwa cha a kabaza, belu n'kulira. Ine ku Mfuwe sindipita nayo chonchi, kaya abwana akwiya."

Adachita bwino kuima. Kuchokera pa boma kukafika pa chipata ndi pafupi, ndipo dalaivala wina akadangoti tikaonera kutsogolo.

Kayendedwe ka mpweya pa galimotoyi

Kompuresa imakoka mpweya kudzera pa fyuluta ya injini, n'kuukankhira mu paipi yachitsulo kupita ku air dryer, yomwe ntchito yake ndi kuchotsa chinyezi ndi oyilo. Kuchokera apo mpweya umalowa mu valavu yogawa, ija timati four-circuit valve, yomwe imaugawa njira zinayi. Pa thupi la valavuyo pamakhala manambala. Pa galimoto iyi 21 imapita ku thanki ya mabuleki a kumbuyo, 22 ku thanki ya mabuleki a kutsogolo, 23 ku thanki ya hendibuleki, ndipo 24 ndi ya tizinthu tina tosakhudza mabuleki. Mathanki awiri oyambawo ndi a malita 40 iliyonse, yachitatu ndi ya malita 20. Kompuresa imasiya kupopa mpweya ukafika pafupifupi 8 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wopanikizidwa), ndipo apa ndi pomwe air dryer imatulutsa mpweya mwaphokoso, kuyetsemula kuja.

Valavu yogawayi ndiyo imasokoneza anthu pofufuza. Mpweya ukakhala wambiri njira zonse zimakhala zolumikizana, kotero thanki imodzi ikamataya, mivi yonse iwiri imatsikira limodzi. Ukatsika kufika pa mlingo wina, valavu imatseka njira zabwinozo kuti zisunge wotsalawo, yobookayo n'kupitiriza yokha mpaka pansi. Makaniko amene wayang'ana geji kwa mphindi ziwiri zokha amaganiza kuti paliponse pakutaya, kapena kuti kompuresa yatha, n'kuyamba kumasula zinthu zabwinobwino. Zomwe adalaivala ankaona m'mawa, muvi umodzi pansi wina pakati, zidandiuza kale kuti valavu yogawa ikugwira ntchito yake, ndipo kutayako kwakukulu kuli pa njira imodzi.

Kufufuza

Tidaimika galimoto pamalo osalala n'kutchinga mawilo ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Izi sizodumpha, chifukwa poyesa umafunika kumasula hendibuleki munthu ali pansi pa galimoto. Tidaliza injini mpaka air dryer idayetsemula, tidazimitsa, n'kuyamba kuwerenga nthawi. Pa mayeso a madalaivala a malole ku America lamulo lake ndi lakuti galimoto yopanda ngolo isataye mpweya wopitirira 2 psi pa mphindi buleki isanapondedwe, kapena 3 psi itapondedwa. Pa geji ya bar ndi pafupifupi 0.14 ndi 0.2. Ine ndimagwiritsa ntchito mlingo womwewo chifukwa ndi wosavuta kukumbukira. Galimoto iyi idatsika kuchokera pa 8 kufika pa 7 bar mphindi zitatu zisanakwane, phazi lisanakhudze buleki. Titaisiya, muvi wa thanki ya kutsogolo udaima cha pa 5.5, wa thanki ya kumbuyo udapitiriza kutsika.

Kutaya kwa mpweya buleki isanapondedwe kumaloza ku mathanki, ku mapaipi ochokera ku mathanki, kapena ku mavalavu omwe sakutseka bwino. Kutaya komwe kumangoyamba ukaponda kumaloza ku mabusita, zitini za ku mawilo zomwe mpweya umalowamo kuti ukankhe mabuleki, ndi mapaipi a labala opita ku mawilo. Kusiyanitsa kumeneku kumapulumutsa theka la tsiku.

Tidadzazanso mpweya, ndipo mnyamata wanga adalowa pansi ndi botolo la madzi a sopo wotsukira mbale. Khutu lokha silithandiza pa boma pano masana, malole akudutsa pa M12 ndi chigayo chikulira. Vuto loyamba lidali loti mathanki sankaoneka n'komwe. Amene adamanga nyumbayo adaika mabokosi a katundu m'mbali zonse ziwiri za chasisi, ndipo mathanki adatsekeredwa kuseri kwake. Kuti dzanja lifike pa valavu yotulutsira madzi, munthu amayenera kugona chagada pakati pa galimoto n'kupinda mkono kuzungulira shafuti. Ndidafunsa adalaivala kuti adatulutsa liti madzi komaliza.

"Chaka chatha ndidakokapo kamphete ka imodzi. Simudatuluke kanthu, ndiye ndidati ndi youma."

Apa ndipo pali msampha womwe ndikufuna aliyense wogwira galimoto za mabuleki a mpweya aumvetse. Thanki ili ndi mpweya, ukakoka valavu yake ya pansi, pamayenera kutuluka kanthu, kaya madzi kaya mpweya. Pakapanda kutuluka kalikonse ndiye kuti bowolo latsekeka ndi nyenyeswa za dzimbiri. Thanki youma imatulutsa mpweya mwaphokoso. Ya zii ndiyo yoopsa.

Tidachotsa mabokosi a mbali imodzi, n'kupaka sopo paliponse. Tidapeza malo anayi.

Kansi kwa thanki ya kumbuyo kudali chigamba cha guluu wachitsulo uja wosakaniza machubu awiri, chopakidwa penti yakuda pamwamba. Adaikapo ndani sitikudziwa, mwini wake adati adaigula choncho. M'mphepete mwa chigambacho thovu linkafufuma, ndipo patsogolo pake pang'ono, pamzere womwewo wa pansi, padali timabowo tina tiwiri tating'ono zedi. Kunja kwa thankiyo penti idali yabwino. Dzimbiri lidachokera m'kati.

Thanki ya hendibuleki idali ndi matenda osiyana. Iyo idadyeka kunja, pansi pa lamba wachitsulo woimangira ku chasisi. Labala yemwe amakhala pakati pa lamba ndi thanki adatha kalekale, ndipo m'malo mwake mudadzaza dothi lofiira lonyowa. Titalondola komwe chinyezicho chimachokera tidapeza kuti paipi yotaya madzi a m'bafa ndi m'khitchini imathera pamwamba pa thankiyo. Madzi a sopo ndi mchere wa m'zakudya akhala akugwera pamenepo nthawi iliyonse mlendo akasamba. Pa lole wamba vuto limeneli simungalipeze.

Malo ena awiriwo adali ang'ono. Valavu yotulutsira madzi ya thanki ya kutsogolo inkatulutsa thovu pang'onopang'ono. Komanso pa thanki yomweyo wina adalumikizapo paipi yopopera matayala pogwiritsa ntchito cholumikizira cha mapaipi a madzi a m'nyumba, chokulungidwa ndi tepi yoyera yambirimbiri.

Titatulutsa mpweya wonse m'galimoto, mageji onse ali pansi, tidamasula valavu ya pansi pa thanki ya kumbuyo. Sipadatuluke kanthu mpaka titatokosa ndi waya. Kenako kudakhuthuka madzi ofiirira osakanikirana ndi oyilo, oposa malita 2, ndi zidutswa za dzimbiri. Ndikubwereza kuti mpweya uyambe watha wonse: valavu kapena pulagi yomasulidwa pa thanki ya 8 bar imachoka ndi mphamvu yoti ikhoza kuthyola dzanja kapena kuboola diso.

Nkhani ya kuwotcherera

Mwini galimoto adafika madzulo kuchokera ku Lilongwe. Alendo ake adali atalipira kale, malo ogona ku Mfuwe adali atasungitsa, ndipo zomwe adapempha ndi zomwe aliyense amapempha.

"Achimwene, timabowo titatu tokha. Wowotcherera ali apoyo. Angodontheza pang'ono, tikafike, tikabwerako tidzagule zatsopano."

Ndidakana, ndipo ndikufuna kulemba zifukwa zake mokwanira, chifukwa pempho limeneli limabwera kawirikawiri, ndipo kukana kumaoneka ngati makaniko akufuna kugulitsa sipeya.

Thanki ya malita 40 ngati imeneyi ndi yotakata masentimita 27.6. Chivundikiro cha kumapeto kwake chili ndi malo pafupifupi masikweya sentimita 600. Pa 8 bar, sikweya sentimita iliyonse imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 8. Mukachulukitsa mupeza makilogalamu pafupifupi 4,800, kutanthauza kuti chivundikiro chilichonse chikukankhidwa ndi matani pafupifupi 5 nthawi yonse galimoto ikuyenda. Chomwe chikugwira mphamvu imeneyi ndi chitsulo cha mamilimita awiri kapena atatu chikadali chatsopano. Ndipo mpweya si madzi. Madzi sapanikizika, kotero chotengera chake chikang'ambika amangotayika. Mpweya wopanikizidwa umafutukuka nthawi imodzi, n'kung'amba chitsulo ndi kuchiponya.

Bowo lomwe mukuliona kunja ndi malo amene dzimbiri layamba kutulukira, koma m'kati ladya mzere wonse pomwe madzi ankakhala. Zili ngati ndowa yachitsulo yakale: mukamata pansi lero, sabata yamawa yabooka pambali pa chigambacho, chifukwa pansi ponse papyapyala. Wowotcherera akaika ndodo pa chitsulo chotere, chimasungunuka n'kukulitsa bowo, ndiye amaika chigamba chachikulu. Chigambacho chimakhala cholimba, koma m'mphepete mwake, pomwe moto wadutsa pa chitsulo chodyeka kale, ndi pomwe pamafooka kwambiri. Thanki yomwe ikadapitiriza kutaya pang'onopang'ono n'kumachenjeza mwini wake, tsopano yasanduka yoti ikhoza kung'ambika mwadzidzidzi. Palinso oyilo wa m'kati, amene nthunzi yake imatha kuyaka ikakumana ndi moto wa wowotcherera.

Mawu okha sadakwanire, ndiye tidachotsa thanki ya kumbuyo ija, tidaitsuka m'kati ndi madzi a sopo, mapulagi onse ali otsegula, n'kuidula pakati ndi galainda bwanayo akuona. M'kati mudali mzere woonekeratu pomwe madzi ankalekeza. Pamwamba pa mzerewo chitsulo chidali chosalala. Pansi pake padali maenjemaenje kuchokera kumapeto ena kufika kwina, ndipo malo ena nsonga ya sikuludalaiva inkalowa ndi dzanja lokha. Bwanayo adayang'ana kwa nthawi, kenako adatulutsa foni n'kuyamba kufunafuna galimoto ina yopititsa alendo ake.

Sindinyoza owotcherera athu. Amapulumutsa ngolo, makasu, mageti ndi masipulingi tsiku ndi tsiku, ndipo amene ali pafupi ndi galaja yathu ndi waluso. Koma chotengera mpweya wa mabuleki si ntchito ya ndodo ndi maso. Ngakhale iye, ataona m'kati mwa thankiyo, adati sakadaigwira.

Tikadawotcherera n'kuphulika panjira, zotsatira zake zikadadalira thanki yomwe yaphulikayo. Ya kumbuyo ikatha, mabuleki a kutsogolo okha ndi amene amatsala kuimitsa galimoto yolemera ndi nyumba, madzi ndi anthu. Ya hendibuleki ikatha, zimakhala zina: m'mabusita a kumbuyo muli masipulingi amphamvu omwe mpweya umawagwira kuti asamange mawilo, ndiye mpweyawo ukathawa masipulingi amamanga okha, kaya galimoto ili pakona kaya pamlatho. Mabusita amenewa asamatsegulidwe pa galaja wamba, sipulingi yake imapha.

Madziwo ankachokera kuti

Kusintha mathanki osapeza gwero la madzi ndi kungoyambitsanso matenda omwewo pa chitsulo chatsopano. Mpweya wa pa 30 digiri umatha kunyamula madzi okwana magalamu pafupifupi 30 pa kiyubiki mita imodzi, ndipo m'dzinja kuno umakhala pafupi ndi mlingo umenewo. Kompuresa ikaupanikiza kufika pa 8 bar, imakhala yalowetsa mpweya wa malo 9 m'malo amodzi. Ukazizira m'thanki sungathenso kusunga chinyezi chonsecho, ndiye chochulukacho chimasanduka madzi. Ku Ulaya madalaivala amaopa madzi amenewa chifukwa m'nyengo yozizira amaundana m'mavalavu galimoto n'kukana kuyenda. Kuno madzi saundana m'mapaipi, ndiye palibe chomwe chimatikakamiza kuwalabadira mpaka dzimbiri litaboola.

Air dryer ndiyo imayenera kugwira chinyezichi, koma katiriji yake, chitini chokhala ndi timibulu toyamwa madzi, yomwe imafunika kusintha chaka chilichonse kapena zaka ziwiri, idali yakale moti zolembedwa pake zidafufutika. Titaimasula idali yolemera ndipo pansi pake padali oyilo. Timibulu ta m'kati mwake tikakutidwa ndi oyilo sitiyamwanso madzi, mpweya umangodutsa. Oyiloyo ankachokera ku kompuresa. Tidamasula paipi yotuluka, tidaika katoni yoyera patsogolo pake injini ikulira, ndipo padaoneka madontho. M'paipimo mudali makala. Titalondola paipi ya labala yomwe kompuresa imakokera mpweya, tidapeza kuti idang'ambika chakunsi, kotero kompuresa yakhala ikumeza fumbi la m'misewu ya dothi osadzera pa fyuluta. Fumbi limadya malingi a pisitoni ya kompuresa, malingi akatha oyilo amakwera.

Chomaliza chidatuluka pocheza. Mwini wake adauza mlonda kuti m'dzinja aziliza injini sabata iliyonse kuti mabatire asafe. Cholinga chidali chabwino. Koma popeza mathanki ankakhala ataphwa kale, sabata iliyonse kompuresa inkawadzazanso ndi mpweya wachinyezi wa m'dzinja kudzera pa air dryer yakufa, mpweya n'kuthawa, madzi n'kutsala. Lole yomwe imayenda tsiku ndi tsiku madzi ake amagwedezeka ndipo dalaivala amawatulutsa. Galimoto yoima miyezi inayi madzi amakhala pamalo amodzi, n'kumadya mzere womwewo.

Kukonza

Tidagwirizana kusintha mathanki awiri, ya kumbuyo ndi ya hendibuleki. Pa thanki iliyonse yopangidwira mabuleki pamakhala kachitsulo kolembedwa malita ake, mpweya wochuluka womwe ingapirire ndi chaka chomwe idapangidwa, ndipo za ku Ulaya zimalembedwa EN 286-2, nambala ya malamulo a kapangidwe kake. Ndidajambula tizitsulo timeneti ndi foni, ndidayeza kutalika ndi kutakata, ndidawerenga mabowo a mapaipi ndi malo ake, n'kutumiza zonse kwa wogulitsa masipeya a malole ku Lilongwe. Mathanki amenewa miyezo yake ndi yofanana pa malole ambiri a ku Ulaya, kotero sipafunika kufuna dzina la galimoto. Chofunika ndi chakuti malita asachepe ndipo mlingo wa mpweya wolembedwapo usatsike. Zakale zidalembedwa 10 bar, zomwe tidapeza zidalembedwa 12.5 bar.

Za malita ndikutsindika chifukwa padabwera ganizo loika thanki ya malita 30 yomwe idali pafupi. Kukula kwa thanki ndiko kumanena kuti dalaivala angaponde kangati injini ikazima potsetsereka. Lamulo la mabuleki la ku Ulaya, ECE R13, limafuna kuti munthu ataponda mpaka pansi maulendo 8 kompuresa isakuonjezera, mpweya wotsalawo ukhalebe wokwanira kuimitsa galimoto. Mukachepetsa thanki mwachepetsa maulendo amenewo. Silinda ya gasi wophikira kapena thanki ya kompuresa ya m'galaja, zomwe ndaziwonapo zitamangiriridwa pansi pa malole a m'midzi, zilibe bowo lotulutsira madzi pamalo oyenera ndipo sizidapangidwire kugwedezeka kwa pamsewu.

Thanki yochokera pa lole yophwasulidwa ikhoza kugwira ntchito ndalama zikavuta, koma isaikidwe chifukwa penti yake ikuwala. Iyenera kuunikidwa m'kati ndi tochi kudzera pa bowo lalikulu, kugogodwa ndi kanyundo pamzere wa pansi ili yopanda mpweya, kenako kuyesedwa ndi madzi. Umo ndi momwe tidachitira ndi thanki ya kutsogolo, yomwe tidaisiya. M'kati mwake mudali dzimbiri la pamwamba koma lopanda maenje akuya. Tidaidzaza madzi mpaka mpweya wonse utatuluka, tidatseka mabowo, n'kupopa ndi pampu ya manja yoyesera mapaipi kufika pa 15 bar, kamodzi ndi theka ka mlingo wolembedwa pa kachitsulo kake. Muvi sudasunthe ndipo sipadaoneke dontho. Kuyesa kotere kumachitika ndi madzi okha basi, osati mpweya. Tidaiumitsa padzuwa tisanaibwezere.

Poika mathanki atsopano tidapala malamba ndi bulashi ya waya, tidawapaka penti, n'kuika labala watsopano pakati. Thanki imayenera kutembenuzidwa mpaka bowo la valavu yotulutsira madzi likhale pansi penipeni. Ikapendekeka pang'ono chabe, pamatsala chithaphwi chomwe valavu siichifikira. Malamba amamangidwa mokwanira kuti thanki isatembenuke, koma osafika poifinya.

Mabowo a mathanki amenewa mazinga ake ndi M22x1.5, ndipo chotseka mpweya ndi kamphete ka labala kapena wachala pansi pa mutu wa cholumikizira, osati mazingawo. Cholumikizira cha mapaipi a madzi cha theka la inchi chimaoneka ngati chofanana ndipo chimalowa pang'ono, koma ndi chocheperako ndipo mazinga ake ndi otalikirana mosiyana. N'chifukwa chake uja adalumikiza paipi ya matayala adachita kukulunga tepi yambiri. Tepi imeneyi imanyenyeka, tizidutswa take n'kukakhala pa milomo ya mavalavu. Tidachotsa zonsezo, tidatseka bowolo ndi pulagi yake yeniyeni, ndipo paipi yopopera matayala tidaisamutsira ku njira ya 24. Thanki ya mabuleki isamagawane mpweya ndi china chilichonse. Paipi ya matayala ikadang'ambika ili pamalo akalewo, mabuleki a kutsogolo akadapita nayo.

Mapaipi a nayiloni omwe adauma kumapeto tidawadula mowongoka ndi mpeni wakuthwa, osati sowo, n'kuikamo tizitsulo take ta m'kati. Tisanalumikize tidapemerera njira iliyonse ndi mpweya kuti dzimbiri lomwe lidatsalira lituluke. Valavu yothandizira mabuleki a kumbuyo tidaitsegula chifukwa ndiyo idali pafupi ndi thanki yodwalayo, ndipo mudali matope ofiirira. Tidaitsuka n'kusintha malabala ake. Katiriji ya air dryer idalowa yatsopano, valavu yake yoyetsemulira tidaitsuka, paipi ya makala ija tidaitsuka, ndipo ya labala yong'ambika tidasintha.

Ntchito yomwe ndikuiona kuti ndi yaphindu kuposa zonse idatenga ndalama zochepa. Pa mathanki onse atatu tidaika mavalavu atsopano otulutsira madzi, iliyonse ndi kawaya kake kodutsa pansi pa mabokosi kukatulukira m'mbali mwa galimoto, pafupi ndi sitepe ya dalaivala. Tsopano munthu amakoka ali chiimire, osadetsa malaya. Paipi ya madzi a m'bafa tidaitalikitsa kuti izitayira kuseri kwa gudumu la kumbuyo, kutali ndi chasisi. Amene amamanga nyumba pa mathiraki amaganizira bedi ndi firiji, koma pansi pake pamakhalabe lole yofuna kuigwira ndi manja.

Kuyesa komaliza ndi zotsala

Mathanki onse ali opanda kanthu, tidaliza injini: belu lidasiya pa nthawi yake, ndipo air dryer idayetsemula muvi uli pa 8 bar. Injini itazima, kwa mphindi 10 mivi sidaoneke kusuntha. Buleki itapondedwa kwa mphindi imodzi, kupatula kutsika koyamba kodzaza mabusita, sipadatayike kanthu koti n'kuwerenga pa geji. Tidayesanso valavu yogawa potulutsa dala mpweya wonse m'thanki imodzi imodzi, ndipo nthawi iliyonse zinzake zidasunga wawo. Adalaivala adaiyendetsa mpaka pa Kamwendo n'kubwerera, tidapakanso sopo pa zolumikizira zonse zili zotentha, n'kuisiya usiku. M'mawa mivi yonse iwiri idali pamwamba pa 7.5.

Pa pepala lomwe ndidapereka kwa mwini wake ndidalembapo zinthu ziwiri zomwe sizidathe. Kompuresa ikutulutsabe oyilo pang'ono, ndipo ikufunika malingi atsopano kapena kusinthidwa isanaononge katiriji yatsopanoyi. Chizindikiro chake adalaivala achiona pokoka tiwaya tija madzulo aliwonse akafika: pakatuluka mpweya wouma zili bwino, pakayamba kutuluka madzi kapena zoterera za oyilo ndiye kuti katiriji yagonja. Thanki ya kutsogolo idapambana mayeso a madzi, koma ndi ya msinkhu umodzi ndi zinzake zomwe tidataya, ndiye ndidalemba kuti isinthidwe chilimwe chamawa chisanayambe. Za m'dzinja ndidati mathanki azitulutsidwa madzi galimoto isanaimikidwe, iziima pa simenti kapena pa miyala osati pa udzu, ndipo mabatire azichotsedwa n'kumatchajidwa padera m'malo moliza injini sabata iliyonse. Galimotoyo idawoloka pa Mwami kukatenga alendo ake pobwerera, ndipo kompuresa tidapangana kuti idzalowe m'galaja ikadzabwerako ku Mfuwe.